Ndani Anatseketsa Mafuta a Mame?

Kwa miyezi isanu ndi itatu tsopano anthu akhala akuifotokoza nkhani yanga m'masaluni ndi pa mafoni, aliyense akuwonjezerapo zake. Ena akuti ndinapenga. Ena akuti ndinapeza mwamuna wina. Lero ndiifotokoza ndekha, ndipo amene akuyembekezera misozi andikhululukire, ndilibe yambiri.

1

Anabwera kufakitale kwathu Lachiwiri m'mawa, phula likusungunuka pamoto. Amuna awiri ndi mayi mmodzi, onse atakoleka makadi m'khosi. Mayiyo ndiye analankhula.

"Ndinu eni ake a mafuta odzola a Mame?"

"Ndine."

"Tachokera ku ofesi yoona za mankhwala ndi zodzola. Tazimitsani moto, ndipo aliyense asiye chimene wagwira."

Amayi anayi amene ankathira mafuta m'mabotolo anaika manja pamiyendo. Amuna anga anatuluka m'kaofesi kawo akumwetulira, tayi ili m'khosi, n'kuyamba kupereka mipando. Mlamu wanga, mlongo wa amuna angawo, amene ankayang'anira makina osakanizira, anazimitsa makinawo.

Alendowo sanakhale pansi. Sanafunsenso za ziphaso. Anadutsa makina, anadutsa sikelo, n'kulunjika kuchipinda chosungira katundu ngati anthu okulira m'nyumbamo. Kuseri kwa matumba a phula anakokako makatoni atatu. Atang'amba loyamba, timachubu tinakhuthukira pansi. Anali mankhwala oyeretsa khungu, aja oletsedwa kuika m'zodzola.

"Izi zimalowa m'mafuta anu?" anafunsa mayi uja.

Ine ndinayang'ana amuna anga. Iwo anayang'ana mlongo wawo. Mlamu anayang'ana zala zake zakumapazi.

Pofika masana chitseko chinali chitamangidwa ndi tcheni, pepala lofiira litamatidwa pakati. Anatenga mabotolo oti akapime, ndipo analamula kuti mafuta athu achotsedwe m'masitolo monse. Wowotcherera zitsulo, wosoka nsapato ndi ogulitsa matayala a mumsewu wathu anaima m'makomo mwawo kuonerera zaulere.

Titalowa m'galimoto, amuna anga anayamba kulankhula.

"Mwaona mmene analowera? Sanafufuze. Ankadziwa pamene pali makatoni." Anamenya chiwongolero ndi chikhatho. "Pali amene watigulitsa, ndipo ndi wa m'nyumba."

2

Mame anabadwira m'khitchini mwanga zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mwana wanga woyamba anali ndi khungu louma long'ambika m'zigongono, ndipo mafuta a m'sitolo ankamuyabwa. Ndinasakaniza phula la njuchi, mafuta a mpendadzuwa ndi a kokonati. Ndinapsereza miphika iwiri ndisanapeze muyezo wake.

Za malonda sindinaphunzire kusukulu. Chimene ndinkadziwa n'chakuti mkazi amakhulupirira munthu amene amamugwira m'mutu. Choncho ndinkayenda saluni ndi saluni, n'kusiyira womanga tsitsi kabotolo kaulere. "Dzolani m'manja mlungu umodzi, ndibweranso." Manja a anthu a m'saluni amakhakhala ndi mankhwala a tsitsi, ndiye akasalala kasitomala amafunsa yekha. Ndinkabwereradi, n'kukhala pabenchi kumvetsera. Wina akati fungo lachuluka, ndinkachepetsa. Wina akati chivundikiro chikuterera m'manja onyowa, ndinkasintha botolo. Sindinkapanga sopo, sindinkapanga za tsitsi. Mafuta amodzi basi, masaluni makumi atatu.

Woyamba kuika botolo langa pashelefu yake anali mayi wina amene aliyense amamutchula Anti Lumo, chifukwa cha pakamwa pake. Anandiuza kuti, "Ngati ziyabwa munthu, ndidzakupeza ngakhale ubisale m'tchalitchi."

Nkhope ya Mame inali ya mng'ono wanga, amene kwathu timamutchula Kadontho chifukwa cha kadontho kali pamwamba pa mlomo wake. Ndi wakuda bii, wosalala, woti kuwala kumamukonda. Timavidiyo take akudzola mafuta pawindo ndi timene tinatifikitsa pa mafoni a anthu osatidziwa.

Amuna anga analowa m'chaka chachinayi, ntchito yawo ya inshuwalansi itatha. Sindinganame, mutu ali nawo. Anapeza nyumba yopangiramo mafuta, anagula makina, anakambirana ndi masitolo akuluakulu. Koma kayendedwe kanga kankawatopetsa.

"Mayi, anzathu akuthamanga, inu mukuwerenga mapazi."

Anandichotsa pamphika. Anati mwini kampani sayenera kununkha phula, ndizipita kumisonkhano ndi kujambulitsa. Zosakaniza anazipereka kwa mlongo wawo. M'miyezi khumi maoda anachuluka kanayi. Akazi ankalemba pa foni kuti Mame ndi wachangu. Ndinkawerenga n'kumwetulira, osafunsa kuti wachangu pa chiyani. Ndinagula nsapato za gogoda. Ndinaitanidwa kukaphunzitsa amayi a mabizinesi ang'onoang'ono mmene angakulire, ndipo anandiombera m'manja ataimirira.

Mwezi umodzi oyendera aja asanabwere, Kadontho anasiya ntchito. Amuna anga ankafuna kuti zithunzi zake aziziyeretsa pa kompyuta. Anakangana pamaso pa antchito onse.

"Alamu, ngati mukufuna nkhope yoyera, kabwerekeni ina. Iyi anandipatsa amayi anga."

Anatenga kachikwama kake n'kumapita.

3

Titafika kunyumba tsiku lotsekedwa lija, ndinadikira ana apite kukasewera.

"Munayamba liti?"

"Chaka chatha. Pang'ono chabe, mayi, kachubu kamodzi pa ndowa." Anamasula tayi n'kuiponya pampando. "Mukuganiza kuti maoda aja ankabwera chifukwa cha njuchi? Akazi amafuna kuyera. Ife tikapanda kuwapatsa, akagula kwa wina."

"Nanga bwanji munkakana kuti mabotolo a kufakitale abwere m'nyumba muno? Bwanji mafuta a ana munkati ndiziphika ndekha?"

Anati nkhani si imeneyo, nkhani ndi ya munthu amene amadya nafe kwinaku akutikumbira dzenje.

Sipanathe masiku awiri dzina lisanapezeke. Mlamu ndiye analitulutsa: ndani ankachidziwa chipinda chosungira katundu, ndipo anachoka atakwiya? Lachinayi anapita kunyumba imene Kadontho amachita lendi, n'kuima pageti kumutukwana, aneba akumva. Lachisanu apongozi anga anaimbira foni amayi anga. Mlungu wotsatira Kadontho anachotsedwa ntchito imene anali atangoipeza m'sitolo ya zodzola. Mwini wake, mnzawo wa amuna anga, anati safuna akazitape. Mmodzi wa amayi anayi aja, amene tsopano anali pakhomo opanda chochita, atakumana ndi Kadontho pamsika analavula pansi.

Ine ndinali chete. Ndinkaphika, ndinkachapa, ndinkaperekeza ana kusukulu. Amuna anga akamutchula njoka patebulo, ndinkauza ana kuti atafune bwino.

4

Loweruka lachiwiri ndinapita kukamuona. Ndinamupeza akuchapa panja, thovu lili m'zigongono. Anali ataonda.

"Achemwali, mwabwera kudzanditukwana nanunso?"

"Ndabwera kudzakuona."

"Mwandiona."

Ndinakhala pandowa yovundikira. Iye anapitiriza kuchapa, akufinya bulauzi imodzimodziyo kawiri.

"Ndikufunsani kamodzi kokha," anatero. "Mukukhulupirira kuti ndine?"

"Ayi."

"Ndiye bwanji simukuwauza?"

Ndinayang'ana thovu m'beseni.

"Mukudziwa chimene chikundiwawa?" Anapukuta manja pasiketi. "Ndikanadziwa za machubu aja, ndikananenadi. Ndikananena dzuwa likuswa mtengo, dzina langa lili pamwamba. Akundinamizira chinthu chabwino chimene sindinachite. Amene anachitayo ali ndi mtima wabwino, koma ndi wamantha. Wabisala kumbuyo kwanga ngati mwana wakuba shuga."

Ndinali nditamubweretsera malalanje. Ndinawasiya pakhonde. Nditafika pageti ndinacheuka, n'kuona akupatsa ana a aneba thumba lonse.

5

Apongozi anaitanitsa msonkhano wa banja Lamulungu masana, masiku khumi ndi asanu ndi anayi chitsekedwere fakitale. Pabalaza pawo pali masofa okutidwa ndi pulasitiki amene amalira munthu akasuntha, ndi chithunzi cha malemu apongozi aamuna chimene chimakuyang'ana kulikonse kumene wakhala. Analipo amalume a amuna anga, mlamu, amuna angawo, ndi amayi anga atavala diresi lawo la kutchalitchi. Kadontho anamupatsa kampando ka pakhomo.

Amalume anayamba ndi mawu ambiri onena za mtendere. Apongozi sanazungulire.

"Mwana iwe, wathira mchenga m'mbale ya banja lonse. Mwana wanga mlandu ukumudikira. Sitikufuna zambiri. Uvomere, ugwade, upepese."

"Sindinachite," anatero Kadontho.

"Ndiye anachita ndi mizimu?" anafunsa mlamu.

Anamuzungulira ndi mawu pafupifupi ola lathunthu. Iye ankangobwereza mawu amodzimodziwo. Kenako amayi anga, amene anatilera okha awirife ndi makina osokera, anayamba kulira mwakachetechete.

"Gwada mwanawe, zithe. Usaphe banja la mkulu wako. Chitira ine."

Kadontho anawayang'ana. Kenako anaimirira, anakonza siketi yake, n'kuyamba kupinda bondo.

"Usagwade," ndinatero.

Onse anatembenuka. Pulasitiki wa masofa analira.

"Usagwade. Amene anaimba foni ndine."

Ndinapitiriza. Ndinawauza zonse, mwadongosolo, ngati ndikuwerenga muyezo wa mafuta.

Milungu iwiri oyendera asanabwere, Anti Lumo anandiitana kusaluni kwake. Sanandipatse moni. Anandikokera kuseri kwa katani kumene amatsukira anthu tsitsi. Kumeneko kunali mphunzitsi wachitsikana, woyembekezera, atadzikulunga mpango kumaso. Atauchotsa, masaya ake anali ndi zigamba zakuda ngati wapsa ndi nthunzi, timitsempha tofiira tikuonekera pansi pa khungu lopyapyala. "Uyu ndi wachisanu ndi chimodzi," anatero Anti Lumo. "Ine ndinakubwereka dzina langa. Ukuikamo chiyani?" Ndinalumbira kuti palibe. Anatsitsa botolo pashelefu n'kundipanikiza nalo pachifuwa. Nditapaka padzanja, mafutawo ankaterera mwachilendo, ndipo pansi pa fungo la kokonati panali kafungo ka m'chipatala. Ine mwini wake ndinali ndisanawakhudze kwa miyezi khumi.

Loweruka lake ndinanama kuti ndikupita kumsonkhano. Ndinatsika minibasi panjira n'kubwerera kufakitale, tsiku limene antchito sabwera. Ndinasuzumira pawindo lakuseri. Amuna anga anali atapinda malaya m'manja, mlamu akudula timachubu ndi sizasi, iwo akufinyira m'ndowa. Sikanali kachubu kamodzi. Ndinawerenga mpaka makumi awiri, n'kusiya.

M'mawa mwake tikudya ndinafunsa kuti, "Bambo, mafuta aja akadali mmene ndinawasiyira?" Anayankha kuti, "Ndendende," akupatsira mwana mchere. Lolemba ndinaimba foni. Sindinatchule dzina langa, koma ndinawafotokozera pamene pali makatoni.

Nditamaliza, amuna anga anaimirira.

"Iwe? Osandiuza ine, mwamuna wako?"

"Ndinakufunsani. Munati ndendende."

"Ukanandiuza kuti waona."

"Mukanasamutsa makatoni tsiku lomwelo. Ndipo mabotolo onse aja akanakhalabe m'masitolo. Ine ndikanawachotsa bwanji? Masitolo amamvera inu, ine amandidziwa pa zithunzi."

Apongozi anagwira pachifuwa. "Wagwetsa nyumba yako ndi manja ako omwe."

"Ndinaimanga ndine, amayi. Ndikudziwa pamene inayamba kuola."

Amalume anatsokomola, n'kunena kuti zimene zachitika zachitika, chofunika n'chakuti mkazi apepese kwa mwamuna wake ndi kwa banja limene walichititsa manyazi.

"Ndipepesa kwa munthu mmodzi yekha m'chipinda muno," ndinatero.

Ndinayenda mpaka pakhomo, n'kugwada pamaso pa mng'ono wanga. Ndinamuuza zoona: kuti ndinkaopa kulandidwa ana, ndinkaopa kutchedwa mkazi wopereka mwamuna wake, ndipo ndinkadzinamiza kuti mkwiyo wa anthu utha wokha pakapita masiku. Ndinati ndinamuona akumira, ine n'kuima pouma.

Kadontho sanandidzutse. Anandiyang'ana ali chiimire.

"Masiku khumi ndi asanu ndi anayi, achemwali. Munabweranso ndi malalanje."

Anatsegula chitseko n'kutuluka. Amayi anga anamutsatira.

6

Mlandu unazengedwa. Amuna anga ndi mlongo wawo analandira chilango chawo. Inenso sindinapulumuke, poti dzina la pachiphaso linali langa: anandiletsa kupanga chilichonse kwa miyezi inayi. Sindinadandaule. Kusadziwa zimene zili mumphika mwako si chifukwa chodzitetezera, ndi mlandu pawokha.

Amuna anga ananyamula masutikesi awiri kupita kwa amayi awo. Ana anatsala ndi ine.

Miyezi inayi ija ndinaithera mumsewu, nditavala nsapato zafulati, thumba lopanda kanthu lili paphewa. Ndinalowa saluni iliyonse imene inagulitsapo mafuta athu, kutolera mabotolo otsala ndi kuuza anthu pamaso kuti, "Munali mankhwala oipa. Amene ankadzola apite kuchipatala, asangosiya okha, khungu limalusa." Ena ananditsekera chitseko. Mayi wina anandikhuthulira madzi otsukira tsitsi m'mapazi. Wina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ngati ndatsala ndi aja achangu ndimugulitse mobisa. Ameneyo ndiye anandiliza, osati wa madzi uja.

Mphunzitsi uja ndinamuperekeza kwa dokotala wa khungu kanayi. Mwana anabadwa bwino. Masaya ake achira theka, ndipo dokotala akuti mwina pomwepo ndi pothera. Tikakumana amandipatsa moni, koma sandiyang'ana kawiri.

Dzina la Mame linafa, ndipo sindinayese kulidzutsa. Ndinayambanso ndi dzina lina, m'kachipinda kamodzi kakuseri kwa nyumba. Ndowa iliyonse ndimasakaniza ndekha, ndipo isanalowe m'mabotolo ndimatumiza pang'ono kukapimitsa. Zonse zili m'katimo ndimazilemba pabotolo ndi zilembo zoti agogo awerenge opanda magalasi. Masaluni amene andilandiranso ndi asanu ndi awiri. Anti Lumo anali wachisanu ndi chiwiri, ndipo botolo loyamba anadzola yekha mwezi wathunthu asanaliike pashelefu. Awiri mwa amayi anayi aja abwerera pantchito.

Mwezi watha bambo wina wa sitolo yaikulu anandiimbira. Anati amasilira kulimba mtima kwanga, ndipo akufuna mabotolo ambiri mwezi uliwonse, kuposa amene manja anga angapange. Ndinati ayi. Anaseka, n'kundifunsa ngati sindikufuna kukula. Ndinati ndinakulapo kale, ndikukudziwa kumene kumathera.

Kadontho sanabwerere ku bizinesi, ndipo sindinamupemphe. Anapeza ntchito kwina. Amabwera kudzatenga ana Loweruka, amandifunsa za thanzi langa, amakana tiyi. Mwina tsiku lina adzamwa. Sindimufulumiza.

7

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga amene muli ndi kamphika kanu ka sopo kapena ka mafuta, ndinakuimiriranipo pamsonkhano n'kukuuzani za zithunzi zokongola ndi masitolo akuluakulu. Zimene ndinayenera kukuuzani ndi izi. Malonda akakwera mwadzidzidzi inu osadziwa chifukwa chake, musathamangire kugula nsapato, pitani mukanunkhize ndowa. Munthu amene akukuchotsani pamphika ponena kuti mwakula, mufunseni chimene akufuna kuchita pamphikapo inu kulibe, ngakhale mumagona naye bedi limodzi. Ndipo mukaganiza zonena zoona, muzinene ndi dzina lanu tsiku lomwelo, chifukwa mukabisala, anthu sasowa womunamizira, ndipo amasankha amene alibe womuteteza.

Za foni ija musandifunse ngati ndimanong'oneza bondo. Nambala ndinaisunga, ndipo ndikhoza kuimbanso mawa.

Amalume aja anabwera mlungu wathawu ndi uthenga. Akuti amuna anga mtima watsika, ali okonzeka kubwerera, bola ndikapepese pamaso pa amayi awo. Ndinawapatsa madzi akumwa, ndinawaperekeza mpaka pageti, n'kuwatuma mawu ochepa: akawauze bambowo kuti apeze mpando wabwino, chifukwa adikira nthawi yaitali.